MADONTHO AWIRI PA LILIME LA MWANA

MTENGULENI, Chipata. Pa Ciweru cotsiriza ca mwezi wa February mu 2021, bwalo la Mtenguleni linali zii. Panalibe fumbi la impi, panalibe nthungululu za amai, ndipo ng'ombe yakuda siinalasidwe pamaso pa khamu monga mwa zaka zonse. Nkosi yama Nkosi Mpezeni IV pamodzi ndi nduna zao anali ataimitsa Nc'wala ya caka cimeneco cifukwa ca mliri wa Covid-19, umene unalowa m'Zambia pa 18 March 2020. Mwambo umene atsamunda anauletsa atagonjetsa Angoni mu 1898, umene unadzaukanso mu 1980, unaima cifukwa ca kadoyo kosaoneka ndi maso.

Caka cotsatira khamu linabwereranso. Pa 26 February 2022 magalimoto anadzaza m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East, ocokera ku Lusaka, ku Migodi ndi ku Malawi kudzera pa cipata ca Mwami. Amai anabwera ndi ana kumbuyo, amalonda anayala katundu wao, ndipo gule wa ngoma anagwedezanso nthaka. Ambiri mwa iwo sanadziwe kuti masiku 9 m'mbuyomo, pa 17 February, boma la Malawi linali litalengeza za mdani wina wakale amene anthu ankayesa kuti anaikidwa kale m'manda. Ku Lilongwe, ulendo wa maora ocepa cabe kucokera ku Chipata, kamtsikana ka zaka 3 kanapezeka ndi matenda a poliyo, amene anakapuwalitsa mu November 2021.

Zimene zinacitika pambuyo pake ndi nkhani ya anamwino, anyakwawa ndi amai a m'midzi. Muli nkhaninso ya anthu ena amene dzina lao silimveka kawirikawiri kumudzi, ngakhale kuti cizindikiro cao, gudumu la mano longa la cheni ya njinga, ambiri analionapo pa zikwangwani za m'tauni. Amenewa ndi a kalabu ya Rotary, pamodzi ndi anzao a kalabu ya Lions.

MDANI WAKALE

Akuluakulu a zaka 50 kapena 60 safunika kuuzidwa za poliyo. M'masiku a ubwana wao sicinali cacilendo kuona mwana woyenda ndi ndodo, mwendo umodzi utafota, kapena wokwawa ndi manja popita kusukulu. Ena ankati mwanayo walodzedwa, ena ankati makolo ake analakwira mwambo, ndipo enanso ankanamizira nyeleti ya kucipatala.

Kadoyo ka poliyo kamakhala m'matumbo, kamatuluka ndi cimbudzi, ndipo kamalowa mwa mwana wina kudzera m'madzi, m'cakudya kapena m'manja osasamba. Ana ambiri amene kawalowa sadwala konse, ndipo ena amangotentha thupi masiku ocepa nkucira. Koma pa ana 200 alionse ogwidwa, mmodzi amapuwala moyo wake wonse, ndipo mwa opuwalawo, 5 kufikira 10 pa 100 alionse amamwalira pamene minofu yopumira ileka kugwira nchito. Cotero mwana mmodzi wopuwala ku Lilongwe anali umboni wakuti panali ana ena ambiri oyenda nako kadoyoko ali bwinobwino, akusewera ndi anzao, akukwera mabasi ndi amai ao. Mankhwala ociza poliyo kulibe. Mwendo ukafota wafota, ndipo cida cokha cimene cilipo ndi katemera.

Akatswiri a ku South Africa ndi ku America atapima, anapeza kuti kadoyo ka ku Lilongwe kanali ka mtundu umene unali kuzungulira m'cigawo ca Sindh ku Pakistan. Dziko la Malawi linali litakhala osaona poliyo ya mtundu umenewu ciyambire 1992. M'Zambia, mwana wotsiriza kugwidwa ndi kadoyo kobadwira m'dziko muno anapezeka mu 1995. Ndipo pa 25 August 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti poliyo yoyambirira yatha mu Africa, pakuti mwana wotsiriza anadwala ku Nigeria mu 2016. Cimwemwe cimeneco cinakhala miyezi 18 yokha.

Kwa anthu a kuno, malire ndi mzere wa pa mapu cabe. Wa ku Mchinji amakwatira kwa Mpezeni, wa ku Vubwi ali ndi abale ku Mozambique, ndipo maliro akagwa tsidya lina, anthu sayamba afuna pasipoti kuti akalire mbale wao. Mu May 2022 kunamvekanso kuti mwana wina wapuwala m'boma la Changara m'cigawo ca Tete, kumene kumacokera mseu wolowa m'Zambia pa cipata ca Chanida kupita ku Katete. Cigawo ca Kum'mawa cinapezeka pakati pa moto uwiri.

KHOMO NDI KHOMO

Mnzako akapsa ndevu m'zimire, anatero akale, ndipo maboma sanacedwe. Malawi anayamba katemera wa ana onse osafika zaka 5 pa 20 March 2022, ndipo Zambia, Mozambique ndi Tanzania anatsatira pa 24 March. Ulendo woyamba unali wa ana 9.4 miliyoni m'maiko anaiwo. Pamodzi ndi maulendo otsatira, amene Zimbabwe analowamo, colinga cinali kufikira ana oposa 23 miliyoni ndi milingo ya katemera yoposa 80 miliyoni. M'Zambia nchitoyi inayambira m'zigawo za Kum'mawa, Muchinga ndi Lusaka, isanafalikire m'dziko lonse.

Ziwerengero zotere zimamveka bwino pa wailesi, koma pamudzi nchito yake inali ya miyendo. Katemera wa poliyo ndi wa madzi, wa m'kabotolo kakang'ono, ndipo amaonongeka akatentha. Ayenera kucoka m'firiji ya ku boma, kufika m'firiji ya pa kiliniki, nkulowa m'kabokosi kokhala ndi madzi oundana kamene wogwira nchito amakapacika paphewa. Pa kabotolo kalikonse pamakhala kacizindikiro kamene kamada katemerayo akamva kutentha kwambiri, ndipo kakada, kabotoloko kamatayidwa ngakhale kali kodzaza. Mwezi wa March ndi nthawi imene mitsinje imakhala isanaphwe, miseu ya kumidzi ili matope, ndipo anthu amacoka m'mamawa kupita kuminda ndi ana ao. Otemera akafika pakhomo dzuwa lili pamutu nkupeza citseko cotseka, anayenera kulondola kudimba kapena kubwereranso madzulo.

Mwana akapezeka, nchito yeniyeni siitha ngakhale mphindi imodzi. Amamkweza mutu, namdonthezera madontho awiri pa lilime, kenaka nampaka inki yosafufutika msanga pa kala ka kumapeto ka dzanja lamanzere kuti otemera ena adziwe kuti walandira. Pa citseko kapena pa cipupa amalembapo ndi coko. Ambiri mwa amene anagwira nchitoyi sanali anamwino. Anali anthu odzipereka a m'makomiti a zaumoyo a m'midzi, ophunzitsidwa masiku ocepa, amene amadziwa nyumba iliyonse ndi mwana aliyense wobadwa caka catha.

Dandaulo limene linamveka kwambiri linali lakuti otemerawo anali kubwera kawirikawiri. Mwana walandira mu March, bwanji alandirenso patangopita milungu yocepa, pamene ali nayo kale khadi ya kusikelo yodzaza? Funso limeneli ndi lanzeru ndipo liyenera yankho. Madontho a ulendo umodzi sagwira mwa mwana aliyense, makamaka mwana amene akutsegula m'mimba kapena amene sakudya mokwanira. Kubwereza ndi kumene kumatseka mipata. Mlimi akalambula kuzungulira nkhokwe poopa moto wa kuthengo, sasiya kagawo ka udzu ponena kuti nkakang'ono, pakuti moto umadzera pomwepo. Kadoyo ka poliyo sikakhala nthawi yaitali kunja kwa thupi la munthu, ndipo kakasowa mwana wosatemeredwa woti kalowemo, kamafa kokha.

Zonsezi zimadya ndalama: mafiriji, mafuta a galimoto ndi a njinga zamoto, mabokosi, inki, maphunziro a odzipereka, ndi kutumiza cimbudzi ca mwana aliyense wofooka miyendo ku malo opimira. Boma limalipira mbali yake. Mbali ina imacokera ku mgwirizano wa maiko onse wothetsa poliyo, ndipo m'mgwirizano umenewu a Rotary ndi amodzi mwa oyambitsa.

KODI A ROTARY NDANI?

Kalabu yoyamba ya Rotary inayambika pa 23 February 1905 mu mzinda wa Chicago ku America. Loya wina, Paul Harris, anasonkhanitsa anzake atatu kuti azikumana ndi kudziwana. Popeza ankasinthana malo okumanira, lero ku ofesi ya uyu, mlungu wa mawa kwa uyo, anadzicha dzina lotanthauza kuzungulira. Amai amene amacita cilimba sangavutike kumvetsa ciyambi cimeneci. M'kupita kwa zaka kalabuyo inasanduka bungwe la anthu oposa miliyoni imodzi m'maiko ambiri, ndipo lamulo lao lalikulu ndi lakuti kutumikira ena kupose kudzitumikira wekha. Mamembala ake kawirikawiri ndi anthu a m'tauni: amalonda, madokotala, maloya, aphunzitsi ndi akuluakulu a makampani. Amasonkha m'thumba mwao ndi kupempha kwa anzao, ndipo salipidwa. Kwa zaka zoposa 80 amai sankaloledwa kulowamo, kufikira lamulolo litasinthidwa mu 1989. Makalabu a m'Zambia ali m'gawo limodzi, la nambala 9210, ndi a ku Malawi, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique, ndipo kucokera mu 2022 kufikira 2024 Bambo Patrick Chisanga a kalabu ya Nkwazi ku Lusaka anali m'bungwe loyendetsa Rotary ya dziko lonse lapansi.

Nkhondo yao ndi poliyo inayambira ku Philippines mu 1979, kumene anadzipereka kutemera ana 6 miliyoni. Nthawiyo dziko lapansi linali litangoona cozizwitsa. Nthomba, imene inkapulula midzi ndi kusiya zipsera pankhope za opulumuka, inali itatha. Munthu wotsiriza kuitenga mwacibadwa anali Ali Maow Maalin wa ku Somalia mu 1977, ndipo pa 8 May 1980, caka comweco cimene Nc'wala inaukanso pa Mtenguleni, maiko analengeza kuti nthomba kulibenso. Acikulire ambiri kuno akali naco cipsera ca katemera wake pa mkono. Bamboyo, amene anacira, anadzakhala mmodzi wa otemera ana poliyo m'dziko lakwao kufikira imfa yake mu 2013.

Ataona kuti nthenda ingathe kufafanizidwa, a Rotary analonjeza mu 1985 kusonkha madola 120 miliyoni a katemera wa poliyo, pa nchito imene anaicha PolioPlus. Pofika mu 1988 anali atasonkha madola 247 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri lonjezo lao. Caka comweco msonkhano wa maiko onse wa zaumoyo unagwirizana zothetsa poliyo, ndipo Rotary, WHO, UNICEF ndi bungwe la CDC la ku America anakhala nsanamira za nchitoyo. Panthawiyo ana okwana 350,000 ankapuwala caka ciliconse m'maiko 125. Mu 1996, pamene ana pafupifupi 75,000 ankapuwala pa caka mu Africa mokha, Pulezidenti Nelson Mandela anayambitsa pamodzi ndi a Rotary mfuu ya kukankhira poliyo kunja kwa Africa monga mpira, ndipo m'zaka zimenezo Zambia nayo inacita masiku a katemera wa dziko lonse. Ndalama zimene Rotary yaika pa nchitoyi zinaposa madola 2 biliyoni, ndipo bungwe la Bill ndi Melinda Gates linagwirizana nao kuti pa dola iliyonse imene a Rotary asonkha, ilo liziikapo awiri.

Ndi bwino kunena poyera kuti membala wa Rotary si ndiye amene kawirikawiri amafika pakhomo kwa Madzimawe kapena kwa Nzamane ndi kabokosi paphewa. Nchito ya kalabu ndi kusonkha, kukumbutsa maboma malonjezo ao, ndi kulalikira za katemera, makamaka pa 24 October, tsiku lokumbukira poliyo. Mai wa kumudzi angathe kulera ana 6, onse otemeredwa, osamuonapo ndi kamodzi komwe munthu wa Rotary. Koma mbali ina ya mtengo wa madontho aja inacokera m'thumba la munthu wa ku India, ku Japan kapena ku Ndola amene sadzamuona mwanayo.

PAMENE MLIRI UNAFIKA

Covid-19 itayamba, nchito ya poliyo inaima. Mu March 2020 atsogoleri a mgwirizano uja analangiza kuti katemera wa khomo ndi khomo ayambe waleka, poopa kuti otemera angafalitse mliri watsopanowo. Anthu, magalimoto ndi malo opimira amene anakonzedwa kaamba ka poliyo anatembenuzidwa kuti alondole odwala Covid-19 ndi amene anakhudzana nao. Cimene cinamangidwa pa zaka 30 cifukwa ca nthenda imodzi cinathandiza pa nthenda ina.

Koma mtengo wake unali wowawa. Amai ambiri analeka kupita kusikelo poopa kutenga matenda kucipatala, ndipo anamwino anali otanganidwa ndi odwala mliri. WHO ndi UNICEF anawerenga kuti mu 2021 ana 25 miliyoni pa dziko lapansi sanalandire katemera wao wokwanira. Udzu umene uyenera kulambulidwa caka ndi caka unali utameranso, ndipo ndi m'nthawi imeneyi pamene kadoyo ka ku Pakistan kanapeza mwana ku Lilongwe.

Katemera wa Covid-19 anafika mocedwa. Maiko olemera anali atayamba kutemera anthu ao mu December 2020, atagula katemera woculuka kuposa anthu ao, pamene ndeke yoyamba inatera ku Lusaka pa 12 April 2021 ndi milingo 228,000 yokha ya katemera wa AstraZeneca, kudzera m'thumba la maiko onse la COVAX. Nduna ya Zaumoyo ya nthawiyo, Dr Jonas Chanda, inatsegulira nchitoyi pa 14 April ku cipatala ca UTH. Oyamba kulandira anali anchito ya zaumoyo, apolisi, aphunzitsi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi okalamba. Patangopita miyezi iwiri, mu June ndi July, funde lacitatu linakantha dziko: zipatala zinadzaza, mpweya wa okisijeni unacepa, ndipo mabanja ambiri anaika abale ao mofulumira popanda kugona pamaliro monga mwa mwambo. Anthu oposa 4,000 analembedwa kuti anafa ndi mliriwu m'Zambia.

Makalabu sanagule katemera wa Covid-19, pakuti opanga ake ankagulitsa kwa maboma ndi ku COVAX. Cimene atsogoleri a Rotary anacita kumapeto kwa 2020 ndi kupempha makalabu ao onse kuti agwiritse nchito nzeru zimene anaphunzira pa poliyo: kuyenda ndi Unduna wa Zaumoyo, kulimbikitsa anthu kukatemeredwa, ndi kutsutsa mabodza. Phunziro lalikulu la poliyo linali lakuti katemera akakhala m'firiji ku boma sateteza munthu, ndipo kuti anthu amamvera amene amawadziwa. Boma nalo linatsata njira yomweyo. Pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anayambitsanso nchito ya katemera mu October 2021, mafumu ndi abusa anaikidwa patsogolo, ndipo anamwino anatuluka m'zipatala kupita m'misika, m'machalichi ndi m'midzi. Katemera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi kokha, anathandiza kwambiri kumidzi, kumene munthu sangataye masiku awiri a kumunda kuyendera nyeleti. Pa 1 November 2022 boma linalengeza kuti anthu 70 pa 100 alionse oyenera kulandira anali atatemeredwa.

M'caka comweco ca 2021, a Rotary anasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira thandizo lao lalikulu la mtundu watsopano, la madola 2 miliyoni, limene World Vision ndi bungwe la Gates anaonjezerapo kufika madola 6 miliyoni. Ndalamazi zinali zophunzitsira anthu 2,500 a m'midzi kupima ndi kuciza malungo m'zigawo za Central ndi Muchinga. Cigawo ca Kum'mawa sicinali m'gulu limeneli, koma njira yake ndi yomweyo: kuika cida m'manja mwa munthu wa pamudzi pomwepo.

A LIONS NDI CIKUKU

Kalabu ya Lions inayambikanso ku Chicago, mu 1917, ndi Melvin Jones. Iwo amadziwika kwambiri ndi nchito ya maso ciyambire 1925, pamene Helen Keller, mai wosaona ndi wosamva, anawapempha kuti akhale omenyera nkhondo akhungu. Mu 2010 analowa m'nkhondo ya cikuku, ndipo mu 2013 analonjeza kusonkha madola 30 miliyoni pamodzi ndi bungwe la katemera la Gavi. Zambia ndi limodzi mwa maiko amene a Lions anathandiza kuitanira anthu ku katemera wa cikuku. Mwa zina, cikuku cinawakhudza cifukwa cakuti cimacititsa khungu ana osowa vitamini A. Cimafalikira msanga kuposa poliyo ndi Covid-19, ndipo kuti mudzi utetezeke pafunika ana 95 pa 100 alionse akhale otemeredwa kawiri.

MPHEKESERA

Mdani wamkulu wa katemera m'zaka za mliri sanali matope kapena kusowa mafuta. Anali mau. Pa mafoni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, panayenda nkhani zakuti wobayidwa adzafa pakatha zaka ziwiri, kuti amai sadzabalanso, kuti katemerayo ndi cizindikiro ca cilombo, kuti azungu afuna kucepetsa anthu akuda. Pamene otemera poliyo anafika mu March 2022, makolo ena anabisa ana ao poganiza kuti ndi katemera wa Covid-19 wobisika m'madontho. Makalabu eniakewo sanapulumuke, pakuti alipo anthu amene amati Rotary ndi Lions ndi magulu a zamdima, cifukwa cakuti amakumana m'mahotela ndipo ali ndi ndalama.

Mantha amenewa sayenera kusekedwa. Ali ndi mizu yakale. M'masiku a atsamunda, pamene Chipata inkachedwa Fort Jameson, anthu ankathawa galimoto za boma poopa akamunyama, amene ankati amagwira anthu ndi kuwapopa magazi. Munthu amene makolo ake analandidwa malo ndi ng'ombe ndi alendo ali ndi cifukwa cofunsira pamene mlendo ampatsa cinthu caulere. Ndiponso amene ankafunsa kuti bwanji katemera wa Covid-19 anapangidwa m'caka cimodzi pamene malungo akhala akupha ana kwa zaka mazana, funso lao linali loyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Koma zaka ziwiri zija zinapita, ndipo obayidwa ali moyo, akulima ndi kubala ana. Angoni, amene ndi aweti, ali nao umboni wina m'khola mwao. Mlimi amene anataya matole ndi cigodola sacedwa kuwatengera ku katemera a zoweta akafika, ndipo amalipira ndalama. Mai amene nkhuku zake zinatha ndi citopa amadziwa kuti dontho limodzi m'diso la nkhuku limapulumutsa khola lonse, ndi kuti nkhuku za mnansi zikapanda kulandira, zake zomwe zili pangozi. Nzodabwitsa kuti bambo yemweyo amene amathamangira dontho la nkhuku angatseke citseko pamene abwera ndi dontho la mwana wake.

Pali coonadi cina cimene a zaumoyo sayenera kubisa. Madontho a poliyo ali ndi kadoyo kamoyo koma kofooketsedwa. Kumene ana ambiri ali otemeredwa, kameneka sikavuta. Koma kumene otemeredwa ali ocepa, kadoyo kofookako kangayende kucoka mwa mwana wina kupita mwa wina kwa miyezi yambiri kufikira katapezanso mphamvu zopuwalitsa. Izi zinacitika m'boma la Chienge ku Luapula mu 2019. Amene amapuwala pa zotere ndi mwana wosatemeredwa, ndipo njira yozimira moto umenewu ndi yomwe ija, kutemera ana onse osasiyako.

Palinso funso limene makalabu ayenera kudzifunsa. Misonkhano yao imacitika m'Cingerezi, m'tauni, pakati pa anthu a nsapato zowala, pamene nchito imene amailipirira imagwiridwa m'Cinyanja ndi m'Cinsenga ndi anthu opalasa njinga. Wodzipereka amene amayenda tsiku lonse padzuwa amalandira kandalama kocepa, ndipo nthawi zina kamafika mocedwa. Dzina lake silikhala pa cikwangwani ciliconse. Mphekesera zimamera bwino pamene wopereka ndi wolandira sadziwana nkhope, ndipo bwalo longa la Mtenguleni, limene limasonkhanitsa mafumu ndi anthu zikwizikwi a maiko angapo tsiku limodzi, ndi malo amene a makalabu angamayankhe okha mafunso a anthu.

Pa 5 May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 siinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Poliyo ya ku Lilongwe inapuwalitsa ana 9 pamodzi, mmodzi ku Malawi ndi 8 m'cigawo ca Tete, ndipo wotsiriza anadwala mu August 2022. Ana oposa 50 miliyoni anatemeredwa m'maiko asanu, ndipo mu May 2024 kunalengezedwa kuti mliri umenewo watha. M'Cigawo ca Kum'mawa, cimene cinali pakati pa Lilongwe ndi Tete, simunapezeke mwana ngakhale mmodzi wopuwala ndi kadoyo kameneka. Pofika mu 2025 poliyo yoyambirira inali itatsala m'maiko awiri, Pakistan ndi Afghanistan, kumene otemera ena ndi apolisi owaperekeza aphedwa ali pa nchito.

Ana obadwa nchito ya khomo ndi khomo ija itatha sanalandire madontho a masiku amenewo, ndipo citetezo cao cili pa khadi ya kusikelo. Mwana alandira madontho a poliyo ndi katemera wa cifuwa cacikulu akangobadwa, kenaka madontho ndi nyeleti pa milungu 6, 10 ndi 14, ndipo katemera wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Zonsezi nzaulere pa kiliniki iliyonse ya boma. Mwana amene anaphonya tsiku lake sabwezedwa, amangopitiriza pamene analekera. Ndipo mwana aliyense wosafika zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake wafooka mwadzidzidzi, popanda kugwa kapena kuvulala, apititsidwe ku kiliniki tsiku lomwelo, pakuti cimbudzi cake ciyenera kutengedwa masiku 14 asanathe kuti akatswiri adziwe coyambitsa.